Bwalo la ndege lakale n'kusanduka malo opangira mafilimu: kuno ku Zomba zingatheke?

Mphatso (Chikanda):
Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Tinamaliza za zisudzo pa Chanco tili gulu la anthu ogwirizana, koma lero mmodzi ali ku Lilongwe akujambula maukwati, wina akulongedza wa ku Blantyre komwe amuitana kukapanga zotsatsa malonda. Ine ndatsala ndekha ndi nkhani zitatu zolemba kale zomwe zangokhala mu laputopu. Ndiye ndamva kuti ku England anatenga bwalo la ndege lakale n'kulisandutsa malo opangira mafilimu, ndipo pano anthu ambirimbiri akudyera pomwepo. Zomba nayo ili ndi bwalo la ndege. Ili ndi phiri, nyumba zakale za atsamunda, nyanja ya Chilwa, ndi sukulu yomwe chaka ndi chaka imatulutsa anthu odziwa zisudzo. Chikutiletsa n'chiyani? Achimwene a Yamikani, inu muli komweko, tatiuzeni ngati zimene ndamvazi zili zoona.

Sajeni wopuma (Airwing):
Mwana wanga, ndiyambe ndakukonza pamodzi. Bwalo la kuno si lakale, ndipo silinasiyidwe. Ndi malo a asilikali a m'mlengalenga, akugwira ntchito mpaka lero. Pa malo achitetezo munthu sulowa ndi kamera mwachisawawa, ngakhale kujambula mpanda wake uli panja kukhoza kukuika m'mavuto. Ganizo lako ndalimva ndipo sindikulitaya, koma pa Airwing pachotse m'mutu.

Mphatso (Chikanda):
Zikomo bambo, ndamva. Ndimaona ngati ndege sizitera kawirikawiri ndiye mwina malo ena angokhala.

Sajeni wopuma (Airwing):
Kusatera kawirikawiri sikutanthauza kuti palibe ntchito. Tsiku la ngozi ndi pamene umadziwa kufunika kwake. Kumbukira madzi a Freddy mu Marichi 2023, m'mene misewu inadukira kum'mwera kuno, malo ena thandizo limafika ndi ndege basi.

Yamikani (Watford):
Moni kwathu. Mphatso, zimene wamvazo ndi zoona, ndipo malowo ndimawadutsa ndikamapita ku ntchito. Dzina lake ndi Leavesden, m'mbali mwa tauni ya Watford, kumpoto chakumadzulo kwa London. Koma ndikufuna ufatse ndi m'mene zinayendera, chifukwa anthu akamaifotokoza nkhaniyi amayambira kumapeto.

Bwalolo analimanga mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo m'mafakitale ake ankapangiramo ndege zankhondo zotchedwa Mosquito ndi Halifax. Nkhondo itatha ntchito inapitirira, mpaka malowo anadzakhala m'manja mwa Rolls-Royce, omwe ankapangirapo mainjini a helikopita. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatseka, anthu ntchito n'kuwathera, mashedi akuluakulu aja n'kungokhala pululu.

Mu 1994, opanga filimu ya James Bond yotchedwa GoldenEye anapeza kuti ku Pinewood, situdiyo yomwe anazolowera, kunali kodzaza ndi ntchito zina. Posakasaka ndi pamene anapeza fakitale yopanda kanthu ija. Chinawakopa si msewu wothamangirapo ndege ayi. Chinali denga lalitali loti ungapachike magetsi ojambulira pamwamba, pansi potakasuka poti ungamangemo nyumba yonse mkati, ndi panja poyera poti ukaloza kamera sukuona nyumba za anthu. Kuyambira 2000 mpaka 2010 mafilimu onse 8 a Harry Potter anajambulidwa pamenepo, m'mashedi akale omwewo. Kampani ya mafilimu ya Warner Bros. inadzagula malowo mu 2010, patapita zaka 10 ikungowagwiritsa ntchito, ndipo inaikapo ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni n'kutsegulanso mu 2012. Chaka chomwecho anatsegula mbali ina yoti alendo azilipira n'kumaona zovala ndi zipangizo za m'mafilimu aja. Mbali ina ya bwalolo pano ndi nyumba zokhala anthu.

Ndiye taona dongosolo lake. Inayamba ndi ntchito. Panali filimu yomwe inali ndi ndalama kale, inali ndi tsiku loyambira, imangosowa denga. Geti lokongola ndi chikwangwani zinabwera patapita zaka 18.

Che Saidi (Chinamwali):
Zoti amamanga nyumba mkati mwa shedi ndi zimene zandikoka khutu. Amamanga ndi njerwa?

Yamikani (Watford):
Ayi Che Saidi, ndi matabwa, pulayiwudi, pulasitala ndi penti. Kutsogolo imaoneka nyumba yeniyeni, kumbuyo ndi mapulanga ochirikiza. Akamaliza amaphwasula n'kumanga ina. Mukanaona magalimoto amene amalowa pa geti paja m'mawa, ambiri ndi a akalipentala, owotcherera zitsulo, opaka penti, a zamagetsi, osoka zovala, okonza tsitsi, ophika ndi madalaivala. Ochita sewero ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amenewa.

Che Saidi (Chinamwali):
Ndiye ntchito yathu yomweyi. Ine ndakhala ndikukhoma mabokosi a maliro ndi mipando zaka 22. Anyamata anga awiri anandithawa, ali pa kabaza, akuti matabwa sakulipira. Mlombwa unasowa, paini wa kuphiri nayenso mwaona m'mene wathera. Ntchito yoti thabwa limodzi uligwiritse kasanu, kumanga n'kuphwasula, ingandikomere.

Bambo a Tadala (Kalimbuka):
Ana anga, ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene ndaona Zomba ikuphwa. Ndinali mnyamata pamene likulu limasamukira ku Lilongwe mu 1975. Nyumba ya Malamulo inatsala, koma nayo inatisiya mu 1994. Nthawi iliyonse ankati musadandaule, Zomba ikhala mzinda wa maphunziro ndi wa alendo. Maphunziro alipodi, Chanco inabwera kuno mu 1973 ndipo yatisunga. Koma wophunzira akangovala gauni pa Great Hall, mawa lake ali pa depoti. Timawalera zaka zinayi, kudyera kwake akudyera ena.

Nyumba zopanda ntchito, kapena zogwira ntchito mwatheka, m'tauni muno zilipo, yendani chakumtunda kumene kunali maofesi aboma muone. Koma ndisanasangalale, kumbukirani French Cultural Centre ya ku Blantyre. Malo aja anali mtima wa zisudzo ndi zoimbaimba m'dziko muno. A ku France atachoka, malo ali m'manja mwa boma, mu 2011 akuba analowa n'kusasula zinthu. Zaka zambiri zapita pa nkhani yongokonzanso. Nyumba inalipo, siteji inalipo, anthu okonda malowo analipo. Chinasowa ndi mwini wake woti usiku akamva galu akuuwa adzuke. Musanafunse kuti timange pati, funsani kuti kiyi azisunga ndani, ndipo mlonda azilipidwa ndi ndani mwezi umene kulibe filimu.

Mayi Nachisale (Mpondabwino):
Bambo a Tadala mwanena zoona. Ine ndiwonjezere za malo. Kuno kwathu palibe malo amene amangokhala. Pamene inu mukuona tchire, pali mayi wina amene amalimapo chimanga ndi nandolo, pali ana amene amamenyerapo mpira, pali njira yachidule ya kuchigayo. Mukabwera ndi mpanda wa waya, anthu amenewa apita kuti? Chipukutamisozi timachidziwa m'mene chimayendera, chimafika mochedwa ndipo sichigula munda wina. Ngati n'kotheka, pezani nyumba yoima kale, minda ya anthu muisiye.

Yamikani (Watford):
Mayi, nkhani imeneyo ngakhale kuno ku Ulaya iliko. Ku Berlin kuli bwalo la ndege la Tempelhof lomwe linatsekedwa mu 2008. Mu 2010 analitsegula kuti anthu azipumirako, kupalasa njinga, ena mpaka timadimba. Akuluakulu a mzinda atafuna kumanga m'mbali mwake, anthu anaponya voti mu 2014 n'kukana. Mpaka pano ndi poyera.

Kondwani wa makamera (Matawale):
Ndimangowerenga, koma apa ndilowepo chifukwa ine ndi amene ndimanyamula zida. Ndajambula nyimbo za makwaya, maukwati, ndi timafilimu tifupitifupi tiwiri. Mukandifunsa chimene chimapha filimu ya Chimalawi, sindinena kamera. Masiku ano ngakhale foni yabwino imatulutsa chithunzi chooneka. Chimatipha ndi mawu.

Chaka chatha tinabwereka nyumba ku Matawale kuti tijambule mbali imene mayi akuuza mwana wake kuti bambo ake amwalira. Mtsikana amene amasewera analira misozi yeniyeni, tonse tinangoti zii. Pomvera madzulo, kumbuyo kwa kulirako kukumveka njinga yamoto, tambala, ndi sipika ya mapemphero a masana cha kutsidya. Tinabwereza mawa lake, mvula inayamba. Mukudziwa mvula ya Zomba pa malata opanda siling'i, ngakhale munthu ali pafupi nawe sumumva. Tsiku lachitatu magetsi anathima, tinayatsa jenereta, jenereta n'kulowanso mu maikolofoni. Tinamaliza n'kuika mawu pambuyo, milomo ikupita kwina mawu kwina, ndipo misozi ija sinabwererenso.

Ndiye mukamati situdiyo, ine sindikuona mahekitala. Ndikuona chipinda chimodzi chachikulu, mwina mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, denga lokwera mamita 6, chokhala ndi siling'i yokhuthala, makoma okutidwa kuti mawu asabwerere, chopanda mazenera mbali yojambulira. Magetsi a sola ndi mabatire, chifukwa batire silira. Nyali za LED sizidya moto ngati zakale zija. Pambali kachipinda koeditira kokhala ndi kompyuta ziwiri zamphamvu ndi intaneti yosadukaduka, kena kosungira zida kokhala ndi loko wabwino, ndi chimbudzi chamadzi. Zimenezi zitapezeka mawa, ine ku Blantyre sindingapitenso kukabwereka kalikonse.

Mphatso (Chikanda):
Achimwene a Kondwani, zimene mwanenazi ndi zomwe zinatichitikira pa filimu yathu yomalizira sukulu. Theka la ndemanga za aphunzitsi linali la mawu.

Aphunzitsi a ku Sadzi:
Pa za mawu pomwepo, tisaiwale chimene chinachitika m'tauni mwathu muno. Nyimbo za akaidi a pa ndende ya Zomba zinajambulidwa mu 2013 ndi zida zonyamula m'manja, ndipo chimbalecho chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Panalibe nyumba yapamwamba. Panali anthu oimba kuchokera pansi pa mtima ndi munthu wodziwa poimika maikolofoni. Luso limenelo ndi lomwe tilibe okwanira. Ana anga a fomu 4 onse amafuna kukhala kutsogolo kwa kamera, palibe amene anandiuzapo kuti akufuna kukhala wojambula mawu kapena woyatsa nyali, chifukwa sadziwa n'komwe kuti ndi ntchito.

Gift (Ndola):
Pepani ndikhala ngati wothira madzi pamoto. Mankhwala m'zipatala akusowa, feteleza wakwera, mafuta timagona nawo pa mzere. Munthu angaime pamaso pa anthu n'kunena kuti tiike ndalama pa mafilimu? Komanso filimuyo agula ndani? Imatuluka lero, mawa ili m'mamemore khadi pa msika, mnyamata wa pa kompyuta akuthira mafilimu khumi pa mtengo wa sopo. M'mavidiyo shoo anthu akuonera za ku China ndi ku India zomasuliridwa m'Chichewa. Mwini filimu sapeza olo tambala.

Kondwani wa makamera (Matawale):
Gift, funso lako lachiwiri ndi lenileni, ndipo limandipweteka. Koma taona chimene wanena wekha: anthu akulipira kuti aonere filimu ya ku China bola ikuyankhula Chichewa. Njala ya nkhani m'chiyankhulo chathu ilipo. Vuto ndi njira yoti ndalama ichoke m'thumba la woonera ifike kwa wopanga. COSOMA, bungwe loteteza ntchito za eni luso, ilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo la 2016 linabweretsa kandalama kodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu kuti kazipita kwa eni luso. Ndi poyambira, koma sungapangire filimu ndalama imeneyo.

Chimene chingasunge chipinda ngati chimene ndanenachi si mafilimu aataliatali. Ndi makwaya ofuna vidiyo, oimba, mabungwe ofuna timasewero ta zaumoyo ndi zaulimi, masewero a pa wailesi, zotsatsa malonda, mapulogalamu a pa kanema. Ntchito zimenezi zilipo kale, ndipo zambiri zikupangidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi ana omwe anaphunzira kuno. Filimu yaikulu izibwera kamodzi pa chaka, lendi izilipidwa ndi makwaya.

Gift (Ndola):
Pamenepo ndamva. Bola isakhale nkhani yodikira boma kapena azungu.

Yamikani (Watford):
Boma lili ndi mbali yake, Gift, koma si kumanga nyumba kokha. Kuno kuyambira 2007 boma limabwezera opanga mafilimu gawo la ndalama zimene awononga m'dziko muno, ndipo n'chifukwa chachikulu chimene makampani a ku America amadzajambulira kuno m'malo mwa kwawo. South Africa inachitanso chimodzimodzi, ndipo Cape Town Film Studios, yomwe inatsegulidwa mu 2010, yakhala ikulandira ntchito zakunja. Kwathu ndikanakonda poyamba angopeputsa msonkho wa pa kamera, maikolofoni ndi nyali zikamalowa m'dziko, komanso chilolezo chojambulira chizitengedwa pa ofesi imodzi.

Ndipo tisadzinamize. Leavesden ili pafupi ndi London, pomwe pali anthu masauzande amene agwira ntchito ya mafilimu moyo wawo wonse, makolo awonso ankagwira yomweyo. Ife kanema wathu woyamba, TVM, anatsegulidwa mu 1999. Tinachedwa kuyamba, ndiye tisayerekeze kudumpha masitepe.

Aphunzitsi a ku Sadzi:
Komabe akunja anabwerapo. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019, anaijambulira ku Kasungu konkuno, ndipo Amalawi anasewera nawo, ena anagwira ntchito kumbuyo. A Shemu Joyah ndi a Joyce Mhango Chavula anatenga mphoto za mafilimu ku Nigeria ndi ntchito zopangidwa m'dziko muno. Wina atabwera mawa n'kufuna nkhani ya nthawi ya atsamunda, angaipeze kuti malo oposa Zomba? Nyumba ya Malamulo yakale, Gymkhana, chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a KAR (King's African Rifles), msewu wokhotakhota wa ku Ku Chawe, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, asodzi a ku Kachulu. Ndipo National Archives ili konkuno, wolemba nkhani za mbiri yakale akhoza kuyenda wapansi kukafufuza. Akabwera n'kupeza kuti pali anthu 15 odziwa ntchito ndi malo osungira zida, ndalama zambiri zitsala kuno. Akapeza palibe, abwera ndi anthu awo, ife tingowagulitsa mapichesi ndi masitiroberi pa msewu wa kuphiri.

Chikondi (St Mary's):
Ndakhala chete koma pali chimodzi chimene amuna simunachitchule. Ine ndinasiya zisudzo chifukwa cha m'mene ena amasankhira osewera. Amakuitana ku nyumba kwawo kapena ku malo ogona alendo, madzulo, uli wekha, akuti tikayese mbali. Ukakana, mbaliyo yapita kwa wina. Sinditchula munthu. Malo odziwika, otseguka masana, okhala ndi buku lolemba olowa ndi otuluka, pomwe mayeso amachitika anthu atatu kapena anayi akuona, angabweze atsikana ambiri amene makolo awo anawaletsa. Ndipo malipiro azilembedwa papepala munthu asanayambe, osati tidzakuonani filimu ikagulidwa.

Mayi Nachisale (Mpondabwino):
Mwana wanga, wachita bwino kunena. Wanga wamkazi ndinamuletsa pa chifukwa chomwechi, ngakhale mphatso ali nayo.

Sajeni wopuma (Airwing):
Chikondi, zimenezo zikhale lamulo loyamba, lilembedwe pakhomo. Za ulonda ndi buku la pa geti ndikhoza kuthandiza, anzanga opuma amene amadziwa ntchito imeneyi alipo ambiri kuno.

Bambo a Tadala (Kalimbuka):
Tsopano mwayamba kuyankhula zomveka. Munayamba ndi bwalo la ndege, mwafika pa chipinda chimodzi, loko ndi mlonda. Koma funso langa lija likadalipo. Mwini wake ndani? Ikakhala ya munthu mmodzi, tsiku limene wakwiya atseka. Ikakhala ya aliyense, kamera isowa ndipo palibe adzayankhe. Ine ndinakhalapo msungichuma wa bungwe la maliro kumpingo zaka 9, ndikudziwa m'mene ndalama ya gulu imayambanitsira abale.

Mphatso (Chikanda):
Bambo, ine ndimaganiza kopaletivi yolembetsa mwalamulo, aliyense wogula sheya akhale ndi mawu, akaunti ya kubanki isainidwe ndi anthu atatu. Zida zisatuluke popanda wina wa gulu kupita nazo. Ndipo ku yunivesite tikhoza kukapempha mgwirizano woti ophunzira azidzachita ntchito yoyeserera, popeza wailesi ndi kanema wa Chanco zilipo kale ndipo zimafuna mapulogalamu. Sindikudzipatsa udindo, ndikungoyala maganizo.

Gift (Ndola):
Kopaletivi ndi yabwino pa pepala. Ndaonapo ziwiri zikugwa chifukwa wapampando anali yemweyo wosunga kiyi, yemweyonso wolemba. Mukafika pamenepo mundiitane, mabuku a ndalama ndi ntchito yanga, ndipo ndidzafuna malisiti a chilichonse mpaka misomali.

Che Saidi (Chinamwali):
Pali shedi ina cha ku msewu wa ku Jali yomwe kale ankasungiramo mbewu. Ndinakakonzako zitseko zaka zitatu zapitazo, ndipo ndikadutsa ndimaona ili yotseka. Denga ndi lalitali, mkati mulibe zipilala. Mwini wake ndimamudziwa, ndikhoza kumufunsa ngati angalole tikaione. Sindikulonjeza kanthu, mtengo wa lendi sindikuudziwa.

Kondwani wa makamera (Matawale):
Che Saidi, afunseni. Koma tisapite tsiku lowala bwino. Ndikufuna tikalowe mvula ikugwa, nditenge maikolofoni ndi zomvera m'makutu, titseke chitseko tikhale chete mphindi 10. Ndikufunanso ndidziwe ngati pafupi pali chigayo, tchalitchi cha masipika kapena siteji ya kabaza. Zikakhalapo, ngakhale atatipatsa ulere sindingaitenge.

Yamikani (Watford):
Mukapita munditumizire zithunzi za denga mkati ndi miyezo yake. Ndili ndi mnzanga wa kumpingo amene ndi kalipentala wa m'masitudiyo, ndimufunsa m'mene amatsekera phokoso la mvula pa mtengo wotsika.

Che Saidi (Chinamwali):
Ndawaimbira, akuti Loweruka masana ali pomwepo. Tikumane pa depoti 1 koloko. Tepi yoyezera ndibweretsa.

Mayi Nachisale (Mpondabwino):
Loweruka ndi tsiku la makasitomala, sinditha kutseka shopu. Koma mukandionere ngati pali kachipinda kapambali kokhala ndi zenera lalikulu. Makina anga osokera ndi opalasa ndi phazi, safuna magetsi, koma ulusi wakuda pa nsalu yakuda sindiuonanso popanda kuwala kwa dzuwa.